Ziphuphu ndi Tsankho mu Ofesi za Boma: Nthenda Yake ndi Imodzi

Abale ndi alongo a ku Zóbuè, Nkondedzi, Kambulatsitsi ndi Moatize, pa misonkhano yathu ya maphunziro a chisankho madandaulo anu akulu amakhala awiri. Loyamba ndi la "refresco": pepala siliyenda mu ofesi ngati simunaikepo kangachepe. Lachiwiri ndi la tsankho: ntchito, ngongole ndi mipando ya m'makomiti zimagwera anthu omweomwewo. Ambiri mumaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana. Ife tikuti gwero lake ndi limodzi.

Taganizani. Komiti ikadzaza ndi anthu a banja limodzi, chipani chimodzi ndi mpingo umodzi, ndani angaimike dzanja kunena kuti ndalama zalowera kolakwika? Munthu saneneza mlamu wake amene adye naye nsima madzulo. Paja amati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo imadya bwino pamene palibe woiona. Koma mukakhala mayi wogulitsa mbatata pa msika wa Zóbuè, mnyamata wa njinga, munthu wolumala ndi wina wa chipani china, maso amachuluka ndipo kubisa kumavuta.

Kumbukirani ndalama za "sete milhões" zimene boma la Armando Guebuza linayamba kupereka ku distrito iliyonse mu 2006. Oona mapempho a ngongolezo anali a conselho consultivo. Malamulo a makhonsolo amenewa anati amayi asachepere mipando 3 pa mipando 10 iliyonse. Komabe m'dziko lonse munamveka kulira kuti ndalama zikupita kwa oyandikana ndi adindo, ndipo ngongole zambiri sizinabwezedwe. Dzifunseni za kwanu: amayi amene anakhala pa mipando ija anasankhidwa ndi amayi anzawo, kapena anachita kulozedwa chala ndi mkulu wina? Nanga msonkhano ukamachitika m'Chipwitikizi chokha, mayi wodziwa Chinyanja kapena Chinyungwe akanatsutsa bwanji? Kudzaza mpando n'kosavuta. Kumva mawu a wokhalapo ndiye nkhani ina.

Anzathu a ku Malabwe anaona mtengo wa kusamvedwa. Mu 2009 ndi 2010 mabanja 1,365 a ku Malabwe, Chipanga, Mithete ndi Bagamoyo anasamutsidwa kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Ambiri anapita ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku Moatize. Kumeneko anadandaula za madzi, minda yosabereka ndi nyumba zong'ambika, mpaka mu Januwale 2012 anatseka njanji. Bungwe la Human Rights Watch, mu lipoti lake la 2013, linapeza kuti anthuwa sankauzidwa zinthu mokwanira ndiponso analibe njira yabwino yoperekera madandaulo. Wodziwa kutalika kwa madzi ndi amene amasenza ndowa. Wodziwa dothi ndi amene amagwira khasu.

Malamulo alipo, ndipo ndi anu. Ndime 35 ya malamulo akulu a dziko a 2004 imati nzika zonse n'zofanana, posatengera khungu, mtundu, chipembedzo, maphunziro, chipani ngakhalenso malo obadwira. Ndime 36 ikunena za amuna ndi akazi, 37 za anthu olumala. Mawu akuti "malo obadwira" akutikhudza kwambiri ife a m'malire. Ambiri anabadwira ku Malawi makolo atathawa nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo mu 2016 anthu oposa 10,000, ochuluka a mbali ya Nkondedzi, anali ku Kapise m'boma la Mwanza. Nzika ya Mozambique imene inaphunzira sukulu kutsidyako n'kubwerako ndi Chipwitikizi chothyokathyoka si mlendo mu ofesi ya boma. Kalaliki woikankhira kumapeto kwa mzere akuphwanya lamulo, mofanana ndi amene akupempha refresco.

Mu 2012 dziko linakhazikitsanso Lei de Probidade Pública, lamulo la khalidwe la ogwira ntchito m'boma. Limaletsa kulandira mphatso chifukwa cha ntchito imene munthu amalandirira kale malipiro. Limati nkhani ikakhudza mbale wake, wantchitoyo aisiyire ena. Akuluakulu amayeneranso kulembetsa chuma chawo. Wokupemphani chiphuphu mungathe kukamunenera ku Procuradoria.

Nanga voti ikulowapo pati? Tinene zoona: administrador wa distrito ndi chefe do posto simuwasankha inu. Chisankho cha ma distrito chimene chinkayembekezeka mu 2024 chinaimitsidwa pamene malamulo anasinthidwa mu 2023. Koma manja anu si omangidwa. Kuyambira 2009 mumasankha aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawo cha Tete, ndipo kuyambira 2019 woyamba pa mndandanda wa chipani chopambana ndiye amakhala bwanamkubwa. Okhala mu município wa Moatize akhala akusankha atsogoleri awo kuyambira 1998. Zisankho zotsatira zikuyembekezeka mu 2028 kwa a município ndi 2029 kwa tonse.

Kapepala kano sikakuuzani chipani choti muvotere. Voti ndi chinsinsi chanu. Chimene tikupempha n'chakuti a kampeni akabwera ndi nsalu ndi masikipa, muwafunse mndandanda wa maina awo. Amayi ali pa manambala ati, kumayambiriro kapena kumchira kumene sangalowe? Alipo wochokera kuno kumalire? Ntchito zikapezeka, adzazimata pakhoma poyera ndi kuzilengeza pa wailesi m'chilankhulo chathu? Kodi mu ofesi zawo munthu wa pa njinga ya olumala angalowe? Pezani mwana wa sukulu alembe mayankho awo m'kope pamodzi ndi tsiku lake, ndipo kopelo lisungidwe kwa amfumu kapena ku komiti ya m'mudzi kuti mudzaliwerenge pamaso pawo akadzabweranso.