Nikayikila, Koma pa Benchi Sinicokapo

Sondo iliyonse nimavala shati yoyela, nimayenda na amayi kudutsa matope a mu Kanyama, n'kukakhala pa benchi yacitatu kucokela kumbuyo m'chalichi cathu. Nimaimba. Nimaponya ka K20 m'mbale. Koma mpingo ukaimilila kuchula Cikhulupililo ca Atumwi, tikafika pa nkhani ya kuuka kwa akufa, ine nimatseka pakamwa. Sinidziwa ngati nikali kukhulupilila zimenezo. Abusa adziwa. Amayi adziwa. Manje na imwe mwadziwa.

Zinayamba mu January 2024, pamene kolela inafalikila kwambili mu Lusaka, masukulu n'kucedwa kutsegulidwa, Heroes Stadium n'kusanduka cipatala. Mng'ono wanga wa zaka 9 anadwala pa Ciwili usiku. Pofika pa Cinayi anali atatisiya. N'napemphela mpaka mawu anauma. Kumwamba kunali zii.

Kucokela pamenepo, magulu awili afuna kunicotsa pa benchi yanga. Lelo niwayankha onse.

Oyamba ni aja a mafuta odzozela na madzi a m'tumabotolo. Amakamba kuti kukayikila ni ciwanda, nipite kwa "papa" wao akacitulutse. Ati mpingo wathu ni wozizila, cifukwa m'busa wolola mnyamata kufunsa mafunso alibe moto. Moto wabwanji umene uopa funso? Titangoika malilo, mmodzi wa iwo anauza amayi kuti mwana wafa cifukwa m'nyumba mwathu cikhulupililo cinacepa. Mwana anafa na madzi a pa citsime cosazama cimene cinakumbidwa pafupi na cimbudzi. Kolela sifunsa ngati unapeleka cakhumi. Ngati kukhulupilila ni kuuza mayi wofedwa kuti mlandu ni wake, sungani "ameni" wanu, ine nisiyileni kukayikila kwanga.

Ndipo Baibo imene mumayenda nayo m'khwapa muli okayikila ambili. Tomasi anakana kukhulupilila za kuuka kwa Yesu mpaka aone yekha zipsela. Patapita masiku 8 anali akali m'nyumba imodzi na anzake, palibe anamupitikitsa. Yobu anakangana na Mulungu macaputala ambilimbili, ndipo pothela amene anadzudzulidwa ni anzake atatu aja obwela na mayankho ophika kale. Makalata a Mother Teresa, amene anatuluka mu 2007, zaka 10 iye atamwalila, anaonetsa kuti kwa zaka zambili mumtima mwake munali mdima, sanali kumumva Mulungu. Mu 2016 Akatolika anamuika m'gulu la oyela. Imwe sembe munamugwetsa pansi kuti mumucotse ziwanda.

Aciwili ni anzanga a pa Facebook amene anawelenga mabuku awili n'kuleka kupemphela. Ati ndine waciphamaso: ngati sukhulupilila, ufunako ciani? Anzanga, mwana atafa imwe munanitumila "RIP" na kankhope kolila. Amene anabwela na saka ya unga, malasha na kolorini, amene anakhala pa mphasa na amayi mwezi wathunthu, anali azimayi a mpingo. Sinikamba kuti unga ni umboni wakuti Mulungu aliko. Nikamba kuti anthu aja ni anga, ndipo mutu wanga ukasokonezeka siuwasandutsa alendo. Waciphamaso ni uja amene afuula zimene sakhulupilila. Ine pamene sinitsimikiza nimakhala cete.

Cete ameneyu ali na mtengo wake. N'nali kuphunzitsa ana ku Sande sukulu. N'napita nekha kwa abusa kukatula nchitoyo, cifukwa siningauze ana motsimikiza zinthu zimene zinigoneka m'maso usiku. N'naganiza kuti aniuza kuti nisadzapondenso pakhomo. Iwo anamvetsela mpaka n'natsiliza, kenako anati: "Nchitoyo itule, wacita bwino. Koma iwe khala. Pamene ulephela kuchula, ife tidzachula."

Nifuna mumvetse, mpingo wathu si kalabu kumene ciliconse cili cabe bwino. Abusa akali kulalikila za kuuka kwa akufa, sanacepetseko ngakhale liwu limodzi cifukwa ca ine, ndipo sinifuna kuti acepetse. Mpingo umene usintha ciphunzitso kuti unikondweletse sunganithandize, cifukwa siningakhale na cokangana naco. Cimene anatsegula ni citseko cabe.

N'cifukwa ciani citseko cotele cili cosowa? Pa 29 December 1991, Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ni dziko lacikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Ise obadwa pambuyo pake tinakula tiganiza kuti kukayikila kuli monga kung'amba mbendela. Koma malamulo amodzimodziwo, pa Article 19, amateteza ufulu wa cikumbumtima, ngakhale ufulu wosintha zimene ukhulupilila. Dziko silibatizidwa, amabatizidwa ni munthu, ndipo munthu amadwala, amafedwa, amafunsa.

Yendani mu komboni pa Sondo. Makalasi a sukulu, matenti, tumashopu, monse muli zokuzila mawu. Pakati pa acicepele amene akweza manja mmenemo, ni angati acita zimenezo poopa kuchedwa a satana? Mpingo umene ulanga funso suthetsa kukayikila. Umangophunzitsa ana ake kunama bwino, ndipo tsiku limene adzalema na bodza adzacoka osalaila.

Iwe mnzanga amene uli na funso limene sunauzeko aliyense: sundiwe wodwala, sundiwe wogwidwa. Usanamize mpingo, usadzinamize. Ukapeza benchi pamene angakulole kukhala na funso lako, khalapo. Ukafuna kucoka, coka mwa kufuna kwako, osati cifukwa wina wakuloza cala.

Ine sinidziwa kumene nidzathela. Mwina cikhulupililo cidzabwelela, mwina iyai. Koma Sondo ikubwelayi munipeza pa benchi yacitatu kucokela kumbuyo. Tikafika pa mawu aja, nidzakhala cete. Amayi adzanigwila dzanja, monga amacitila, n'kuwachula mokweza pang'ono.