Walira galimoto walira mafuta

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika pachimake, fodya atapita ku Kanengo kapena ku Chinkhoma ndipo soya ndi mtedza zitasanduka ndalama, m'mabanja ambiri a m'matauni monga Mponela, Kasungu, Ntcheu ndi Balaka mumabuka funso limodzi: kodi chaka chogula galimoto si chino? Masiku ano maso a ambiri ali pa galimoto zazing'ono koma zazitali msinkhu zomwe zimatchedwa SUV, monga Toyota RAV4, Honda CR-V, Nissan X-Trail ndi Suzuki Vitara.

Kulakalaka galimoto yotere si kulakwa. Yemwe adanyamulapo wodwala pa kabaza usiku, kapena kudikira minibasi kuti idzaze mwana akutentha thupi, akudziwa kuti galimoto pakhomo si chinthu chonyadira chabe. Ndipo m'misewu yafumbi ndi yamaenje, galimoto yayitali imadutsa pomwe yotsika imakhula mimba pansi.

Komabe mtengo womwe wogulitsa amatchula ndi chiyambi chabe. Galimoto imagulidwa tsiku limodzi koma imadya tsiku lililonse. N'chifukwa chake chiganizo chogula chiyenera kumangidwa kunyumba, bambo ndi mayi ali limodzi ndi pepala ndi cholembera, osati pabwalo la ogulitsa pomwe utoto wonyezimira ndi pakamwa pokoma zimasokoneza mutu.

Papepalapo payenera kulembedwa mafuta a pamwezi, inshuwalansi yomwe lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, chiphaso cha COF, matayala, batire komanso sevisi. Matayala a SUV ndi aakulu, ndipo mtengo wake ndi wokwera kuposa a galimoto zazing'ono wamba. Ngati zonsezi zikuluma fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza, ndiye kuti nthawi yogula sinakwane.

Funso lachiwiri ndi lakuti: yatsopano yeniyeni kapena yogwiritsidwapo kale ntchito? Galimoto yongochoka kufakitale, yogulidwa kukampani yovomerezeka ndi opanga, imabwera ndi chitsimikizo chakuti ikawonongeka m'zaka zoyamba adzaikonza, ndipo ilibe mbiri yobisika. Koma chitsimikizocho chili ndi malamulo ake. Kawirikawiri chimafuna kuti sevisi izichitikira kugalaja ya kampaniyo, ndipo magalaja otere ali m'mizinda ikuluikulu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Wokhala ku Balaka kapena ku Kasungu awerengerenso ulendo umenewo. Adziwenso kuti galimoto yatsopano imagwa mtengo msanga m'zaka zoyambirira.

Zambiri zomwe zili m'misewu ya dziko lino ndi zakale zochokera ku Japan. Kumeneko galimoto imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama, kotero eni ake ambiri amasankha kugulitsa. Galimotozi zimatsikira padoko monga la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Mtengo wooneka pa intaneti nthawi zambiri sukhala ndi msonkho wa MRA, womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ngakhalenso malipiro a padoko, a okonza mapepala pachipata ndi a dalaivala woibweretsa. Banja lomwe silidafunse izi limadzidzimuka galimoto itafika pachipata thumba litauma kale.

Palinso nkhani ya kwacha. Malawi sapanga galimoto, choncho mtengo wake umatsata dola. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700. Wopereka dipoziti lero kuti galimoto ifike pakatha miyezi iwiri ayenera kufunsa: kwacha ikagwa pakatipa, wolipira kusiyanako ndani? Yankho lilembedwe ndipo onse awiri asaine. Mgwirizanowo utchulenso mtundu wa galimoto, chaka chake, nambala ya chasisi, tsiku loipereka komanso momwe ndalama idzabwezedwere ngati tsikulo lapitirira. Wogulitsa wokana kulemba zomwe walonjeza pakamwa wadziulula yekha.

Ngongole nayo ifunika kuiyang'ana ndi maso awiri. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve idaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki obwereketsa anthu amaonjezerapo pawo. Ngakhale pa 26 pomwepo, K10 miliyoni iliyonse yobwereka imabala K2.6 miliyoni pachaka. Wogulitsa amakonda kutchula ndalama ya pamwezi chifukwa imamveka yochepa. Wogula wanzeru amafunsa chiwerengero chonse chomwe adzakhale atalipira ngongole ikamatha. Kupinyolitsa nyumba kapena munda chifukwa cha galimoto ndi kuika pachiswe chinthu chokwera mtengo chaka ndi chaka pofuna chinthu chomwe chimatsika mtengo.

Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Si SUV iliyonse yomwe imakoka ndi matayala onse anayi. Zambiri zimakoka ndi akutsogolo okha, ndipo m'matope a February zimatitimira ngati galimoto ina iliyonse. Nambala ya makilomita yooneka padashibodi nayo ikhoza kubwezedwa m'mbuyo, choncho mpofunika kuiyerekeza ndi mapepala ochokera ku Japan. Wogula apite ndi makaniko wake, osati wosankhidwa ndi wogulitsa, ayendetse galimotoyo pamsewu wokumbika, ndipo aisuzumire pansi kuona dzimbiri ndi mafuta odontha.

Makaniko yemweyo afunsidwe ngati amaidziwa galimotoyo komanso ngati zipangizo zake zimapezeka pafupi. Galimoto za hybrid zimapulumutsa mafuta, koma batire lake lalikulu likafa si la pagolosale. Ma giyabokisi a CVT amafuna mafuta akeake, ndipo kuthiramo olakwika ndi kuiphera dala. Galimoto yachilendo yomwe palibe woidziwa m'tauni yonse imathera pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Ndalama yomaliza isaperekedwe mapepala asanaonedwe. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa mu bulubuku, pakhale umboni wakuti msonkho udalipidwa, apolisi atsimikize kuti galimotoyo si yobedwa, ndipo umwini usinthidwe ku ofesi ya Road Traffic. Kulipira kudzera kubanki kumasiya umboni womwe ndalama za m'chikwama sizisiya. Safunsa adadya phula.

Ogulitsa nawo ali ndi udindo. Ambiri ndi anthu achilungamo omwe akufuna kudyetsa mabanja awo, koma ochepa obisa zilema za galimoto ndi kuzemba ndi madipoziti amaipitsa mbiri ya onse. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lilipo kuti limve madandaulo a ogula, ndipo liyenera kumveka mpaka m'matauni ang'onoang'ono, osati m'mizinda mokha. Koma nalo limathandiza msanga munthu yemwe ali ndi lisiti ndi mgwirizano wolembedwa.

Banja lomwe lawerengera n'kupeza kuti likwanitsa, ligule ndi mtima umodzi, ndipo likhale lokonzeka kutembenuka n'kuchoka ngati wogulitsa akuliumiriza kuti mawa galimotoyo ipita. Galimoto sizidzatha padziko. Lomwe lapeza kuti silikwanitsa lisachite manyazi kudikira chaka china. Anansi amaombera m'manja tsiku lomwe galimoto yafika, koma pothira mafuta mwini wake amakhala yekha.