Mtengo Wonyamulira Katundu Usamabisike

Achikumbi anzathu, chaka chilichonse msika wa fodya ukatsegulidwa makutu a tonsefe amakhala pa chinthu chimodzi: kodi kilogalamu yagulidwa bwanji lero? Pa wayilesi alengeza mtengo, pa golosale akamba za mtengo, ndipo munthu amene wabwera kuchokera ku Kanengo kapena ku Limbe amafunsidwa za mtengo asanapatsidwe ndi mpando womwe. Koma ndi ochepa amene amafunsa funso lachiwiri, lakuti: kodi pa ndalamazo, zingati zatsalira panjira?

M'nkhani ino tifuna tikambirane za ndalama zotsalira panjirazo, makamaka zolipirira kunyamula katundu ndi kumusamala. Maganizo athu ndi akuti ndalama zimenezi ndi mbali ya mtengo. Ziyenera kunenedwa poyera malonda asanachitike, ndipo ziyenera kulingana ndi ntchito imene yagwiridwa. Kuti mfundoyi imveke bwino, tiyambe tapita kutali, ku msika wina wa okushoni umene ulibe shedi, ulibe mabelo, ndiponso ogula ndi ogulitsa ake saonana nkhope.

Okushoni ya pa intaneti

Msikawu dzina lake ndi eBay. Adauyambitsa ndi munthu wina dzina lake Pierre Omidyar ku California, m'dziko la America, m'chaka cha 1995. Poyamba unkatchedwa AuctionWeb, ndipo dzina la eBay lidabwera mu 1997. Kagulitsidwe kake nkotere: munthu amene ali ndi chinthu, kaya ndi wotchi, buku kapena wayilesi, amachijambula naika chithunzicho pa intaneti pamodzi ndi mtengo woyambira. Ogula amapikisana kwa masiku angapo, ndipo amene watchula mtengo woposa anzake nthawi ikamatha ndiye watenga. Tsono popeza wogulayo ali kutali, katundu ayenera kukulungidwa ndi kutumizidwa. Wogulitsa ndiye amalemba ndalama zotumizira, ndipo wogula amazilipira pamwamba pa mtengo umene wapambana nawo.

Kwa zaka zambiri eni msikawu ankadula gawo lawo pa mtengo wogulitsira wokha, osakhudza ndalama zotumizira. Apa ndi pamene anthu ochenjera adaona khomo. Tiyerekeze kuti chinthu ndi choyenera $20. Wochenjerayo ankachiika pa $1 nalemba kuti zotumizira ndi $19. Pochita zotere ankapha mbalame ziwiri: eni msika ankangodula pa $1 ija, ndipo wogula ankathamangira malondawo poganiza kuti watola chikwama.

Mwina munena kuti munthu wanzeru sangapusitsidwe motero, poti aliyense amadziwa kuphatikiza. Akatswiri awiri a zachuma, Tanjim Hossain ndi John Morgan, adayesa zimenezi ndipo adafalitsa zimene adapeza mu 2006. Iwo adagulitsa pa eBay ma CD a nyimbo ndi masewera a Xbox. Katundu wina adamuyambira pa $4 popanda ndalama zotumizira. Katundu wina wofanana ndendende adamuyambira pa senti imodzi, koma zotumizira zili $3.99. Mukaphatikiza, zonse ziwiri ndi $4. Komabe kawirikawiri njira yachiwiriyo idakopa ogula ambiri ndipo idabweretsa ndalama zochuluka. Ogula ankayang'anitsitsa mtengo umene akupikisana, ndalama zotumizira nkumangoziona ndi diso limodzi.

Ogula atadandaula kwambiri, eni msika adayamba kumanga mipata. Mu 2007 adalola ogula kumapereka mamalikisi kwa wogulitsa aliyense, ndipo imodzi mwa mfundo zake idali yakuti kodi ndalama zotumizira zidali zoyenera. Mu 2011, ku America, adayamba kudula gawo lawo pa ndalama zonse, zotumizira zomwe. Khomo la ochenjera lija lidatsekedwa, koma taonani amene adavutika nawo. Wogulitsa wachilungamo, amene amatumiza katundu wolemera kutali nalemba mtengo weniweni wa ku positi, adayamba kudulidwa pa ndalama zimene sizilowa m'thumba mwake nkomwe. Akulu adati nkhuyu zodya ana zimapota akulu.

Chinanso chimene chidafala pa misika yotere ndi mawu akuti kutumiza nkwaulere. Abale, galimoto siyenda ndi madzi a m'chitsime. Wogulitsa akanena kuti kutumiza nkwaulere, ndiye kuti ndalamazo waziika kale mkati mwa mtengo. Pamenepo palibe cholakwa, malinga wogula akudziwa ndalama zonse zimene adzatulutse. Maboma enanso alowererapo. Ku Britain lamulo la 2024, limene mbali yake yokhudza ogula idayamba kugwira ntchito mu 2025, limaletsa wamalonda kuonetsa mtengo wotsika poyamba kenaka nkumatulutsa zolipira zokakamiza pang'onopang'ono munthu atatsala pang'ono kulipira.

Nanga kuno kwathu?

Mwina wina afunsa kuti, kodi za ku America zikutikhudza chiyani ife olima fodya ku Kasungu, ku Dowa, ku Mchinji kapena ku Rumphi? Zikutikhudza, chifukwa okushoni si chinthu chachilendo kwa ife. Fodya adayamba kugulitsidwa pa okushoni ku Limbe mu 1938, ndipo pambuyo pake misika idatsegulidwa ku Kanengo, ku Mzuzu ndi ku Chinkhoma. Kusiyana kwake nkumodzi. Pa intaneti wolipira zonyamulira ndi wogula, pamene pa msika wa fodya wolipira ndinu ogulitsa. Koma matenda ake ndi amodzi: maso onse ali pa mtengo umene watchulidwa pa belo, ndipo zodulidwa zimabwera mwakachetechete kumapeto kwa pepala.

Taganizirani ulendo wa belo lanu. Mwasankha fodya, mwamudinda pa jeke, mwamusoka m'chiguduli. Belolo lichoke pachigafa kupita pamalo osonkhanitsira, mwina pangolo. Anyamata alikweze pa lole. Lole iyende kufikira ku msika, ndipo nthawi zina idikire pamzere masiku angapo isanatsitse. Belo likabwezedwa chifukwa cha kusakaniza magiredi, kunyowa kapena kupezeka ndi zinyalala, liyenera kumasulidwa ndi kukonzedwanso, ndipo ntchito imeneyonso ili ndi mtengo wake. Pamwamba pa zonsezi pali gawo la eni msika, zopereka ku mabungwe oyendetsa ulimi wa fodya ndi ofufuza, ndalama za ziguduli, ndi msonkho. Kuyambira 2012 fodya wambiri wakhala akugulitsidwa pa kontirakiti, koma fodya wa pa kontirakiti nayenso sauluka yekha, ayenera kunyamulidwa.

Tiyerekeze ndi achikumbi awiri, aliyense ali ndi belo la makilogalamu 100. Woyamba wagulitsa pa $2.10 pa kilogalamu, ndiye kuti belo lake lapanga $210. Koma iye adakweza pa lole imene adangoipeza pamsewu, sadagwirizane mtengo, lole idachedwa, ndipo zonyamulira zonse zafika $25. Watsala ndi $185. Wachiwiri wagulitsa pa $2.00, belo lake lapanga $200. Iye adatumiza kudzera ku kalabu imene idapangana mtengo ndi mwini lole mabelo asanakwezedwe, ndipo walipira $10. Watsala ndi $190. Manambalawa ndi ongofanizira, ndipo zodulidwa zinazo taziika pambali. Koma funso nali: madzulo ano pamudzi, ndani adzitame kuti wagulitsa bwino? Ndi woyamba uja. Nanga amene wabwera ndi ndalama zambiri kunyumba ndani? Ndi wachiwiri. Munthu woyambayo sakusiyana ndi ogula a pa eBay aja amene ankathamangira senti imodzi.

Sitikunena kuti anyamule ulere

Pano tisamvane molakwa. Mwini lole si mdani wanu. Amagula dizilo, matayala ndi zitsulo, amalipira dalaivala ndi womuthandiza, ndipo misewu ya kumidzi imadya galimoto. Lole ikaima pamzere masiku atatu, iye wataya maulendo ena amene akadayenda. Anyamata okweza mabelo amakhetsa thukuta lenileni, ndipo nawonso ali ndi ana. Chiguduli ndi ulusi zimagulidwa. Munthu wa ku Chitipa sangayembekeze kulipira chimodzimodzi ndi munthu wa pafupi ndi msika, pokhapokha gulu lawo litagwirizana kuti ligawane mtolowo mofanana. Amene akufuna kuti zonyamulira zithe akufuna chinthu chosatheka.

Palinso ena amene amati mtengo sunganenedwe kale chifukwa palibe adziwa kuti lole idzadikira masiku angati, kapena kuti dizilo adzakwera liti. Mfundoyi ili ndi mutu, koma siikwana. Ngati chiwerengero chomaliza sichidziwika, kawerengedwe kake kadziwike. Munthu anene kuti belo limodzi kuchokera pamalo akuti ndi ndalama zakuti, ndipo tsiku lililonse lodikira lidzawonjezera zakuti. Zikatero mchikumbi angathe kuwerengera yekha. Chimene tikukana ndi mtengo wobadwira m'njira, umene mwini katundu amaumva atagulitsa kale, pamene sangathenso kusintha maganizo.

Tikukananso kubisa phindu m'dzina la ntchito. Mawu akuti ndalama zosamalira katundu ndi thumba lalikulu, ndipo m'thumba lalikulu mumalowa zambiri. Ngati ndalamazo ndi za okweza mabelo, zilembedwe kuti za okweza. Ngati ndi za kusoka belo lomasuka, zilembedwe motero, ndi nambala ya belolo. Aliyense wogwira ntchito ayenera kupeza phindu, koma phindulo likhale ndi dzina lake. Tikumbukire zimene zidachitika pa eBay: anthu ochepa akazolowera kubisa, malamulo amene amabwera pambuyo pake amapana onse, olungama omwe.

Zoyenera kuchita

Choyamba, musakweze belo pa lole musanamve mtengo. Mtengowo ulembedwe papepala, pakhale dzina la mwini lole, nambala ya galimoto, chiwerengero cha mabelo ndi tsiku. Pangananinso za amene adzalipire mabelo akanyowa, akaonongeka kapena akasowa panjira. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri, inu a m'makalabu, funsani eni malole awiri kapena atatu musanasankhe, ndipo mlembi awerenge mitengoyo pamsonkhano anthu onse akumva. Nkhani ya thiransipoti isakhale ya wapampando ndi msungichuma okha. Atsogoleri achilungamo saopa kuonetsa malisiti. Malisitiwo ndi amene amawateteza ku miseche.

Chachitatu, pepala la malonda likabwera musangoyang'ana pamwamba. Liwerengeni mzere ndi mzere mpaka pansi. Ngati simutha kuwerenga, mwana wa sukulu kapena alangizi akuthandizeni. Mzere umene simukuumvetsa, funsani. Sungani mapepala a chaka chino kuti mudzawayerekeze ndi a chaka chamawa.

Chachinayi, chepetsani zolipira zimene zili m'manja mwanu. Belo losankhidwa bwino, louma bwino ndi lopanda zinyalala limayenda ulendo umodzi. Belo lachinyengo limalipiritsa mwini wake kawiri, ndiponso limaipitsa dzina la kalabu yonse.

Kwa inu matenanti ndi eni maesiteti

Inu amene mumalima pa esiteti ya munthu wina, nkhaniyi ikukukhudzani koposa, chifukwa ambiri a inu simufika ku msika ndipo pepala la malonda simuliona. Mumangomva kuti chaka chino thiransipoti yadya zambiri. Nkoyenera kuti mufunse mwaulemu kuti yadya zingati, pa mabelo angati. Pemphani kuti zonse zodzadulidwa zinenedwe pa chiyambi cha nyengo, nazale zisanafesedwe, ndipo zilembedwe m'buku limene inunso muli nalo lanu. Inunso eni maesiteti, musaone funso lotere ngati mwano. Munthu amene waonetsedwa mawerengedwe amagwira ntchito ndi mtima umodzi chaka chotsatira. Amene wabisiridwa amachoka, kapena amayamba kugulitsa fodya usiku kwa mavenda, ndipo wotaya ndinu.

Tisaiwalenso ana athu amene ayamba kugulitsa zinthu pa foni, kaya ndi uchi, mpunga, zosemasema kapena nsalu. Auzeni kuti ayambe apima katundu, afunse mtengo weniweni wa basi kapena wa positi, awonjezere za katoni ndi chingwe, kenaka amuuze wogula ndalama zonse nthawi imodzi. Wogula amene wadabwitsidwa ndi zolipira za kumapeto amalipira kamodzi kokha, sabweranso.

Achikumbi anzathu, mtengo umene umatchulidwa pa msika ndi wofunika, ndipo nkoyenera kuumenyera nkhondo. Koma sukulu fizi, feteleza ndi malata sizigulidwa ndi mtengo wolengezedwa pa wayilesi. Zimagulidwa ndi ndalama zimene zafika m'manja. Makolo athu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chaka chino mnzanu akabwera kuchokera ku msika, mufunseni mafunso onse awiri: wagulitsa bwanji, nanga watsala ndi zingati?