Kuwala Kumene Kuyeretsa Madzi

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za madzi akumwa. Dzinja layandikira, ndipo sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa Dzaleka nkhawa ikula koposa, pakuti malo amene anatsegulidwa mu 1994 kuti asunge othawa nkhondo 10,000 kapena 12,000 tsopano asunga oposa 50,000, ndipo mabanja ambiri atunga pa mjigo umodzi.

M'cheza cha dzuwa muli kuwala kwina kumene diso silikuona, dzina lake ultraviolet. Mu 1877 Angerezi awiri, Downes ndi Blunt, anaona kuti dzuwa liletsa tizilombo tosaoneka kuswana. Ndipo mu 1910 ku Marseille, m'dziko la France, anayamba kuyeretsa madzi ndi nyali zotulutsa kuwala kumeneku. Nyali iikidwa m'kati mwa paipi, madzi napita pambali pake, kuwala nikuononga mbewu ya kachilombo, kotero kuti sikangathenso kuswana kapena kudwalitsa munthu. Madziwo sasintha kukoma, ndiponso sanunkha mankhwala.

Nyali yotere ifuna magetsi, koma amene alibe asataye mtima, pakuti dzuwa la ku Dowa sililipiritsa. Tengani botolo la pulasitiki loonekera m'kati, losaposa malita 2, mulidzaze madzi, muligoneke padenga la malata maola 6. Kukachita mitambo, masiku 2. Mvula ikamvumba, wiritsani madziwo. Akakhala amatope muyambe mwawasefa, chifukwa tizilombo tibisala kuseri kwa dothi monga munthu ausa pansi pa mtengo.

Tsono mawu aakulu ndi awa. Kuwala kugwira ntchito pokhapo pamene kukhudza madzi. Sikutsagana nawo kunyumba monga ichitira klorini, imene itsalira m'madzi ndi kuwalonda. Madzi oyeretsedwa bwino akalowa m'chigubu chosatsuka, kapena mwana akamiza chikho ndi dzanja lomwe mumtsuko, ntchito yonse yapita pachabe. Chifukwa chake, inu amayi ndi abambo, ana amwe madzi othiridwa kuchokera m'botolo momwemo. Zigubu zitsukidwe ndi sopo, mtsuko uvundikiridwe. Ndipo a zaumoyo akagawa klorini musaikane chifukwa cha fungo lake.

Mwezi wamawa tidzakamba za zimbudzi. Tsalani bwino.