Dothi la pamanda lisanaume, wogula nyumba anali atapezeka kale

Bambo anga anamwalira mu September 2023. Tinawaika Lachinayi, ndipo Lolemba lotsatira ndili m'minibasi kubwerera ku Blantyre foni inalira, nambala yachilendo. Munthuyo anayamba ndi kupepesa maliro mwaulemu wonse, kenaka anati: "Achimwene, ndamva kuti ana nonse mumakhala kutali. Nyumba ija ya pa Songani mukaganiza zogulitsa, ndili ndi bwana wina, ndalama ali nazo m'manja." Nambala yanga anali ataitenga kwa wina wake pa maliro pompo.

Ndinakwiya, koma sindinadule foni. Ndinafunsa kuti bwanayo angapereke zingati. Anati K8 miliyoni, kashi, sabata yomweyo.

Nyumbayo si yodabwitsa. Ndi ya njerwa zootcha, zipinda zitatu, malata, magetsi, ndi kanyumba ka anyamata kuseri. Bambo anali mphunzitsi, ndipo anaimanga ndi ndalama zawo zopumira pantchito. Chimene chinkakopa ogula ndi malo ake: ili pafupi ndi msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, mphindi zochepa kuyenda pansi kuchokera pamsika. Ukakhala pakhonde madzulo umaona phiri lonse, ndipo mitengo ya mango imene bambo anabzala ife tili ana inali itayamba kale kuponya mthunzi padenga.

Ndivomere, ndalamayo inandikoka. Maliro anali atatisiyira ngongole: bokosi, galimoto, chakudya cha anthu a masiku atatu, kuwonjezera pa zimene tinawononga bambo akudwala. Achimwene athu aakulu, amene ali ku Johannesburg, ankafuna mpamba. Achemwali anali ndi fizi ya ana. Ine ndinali ndi katapila amene ankandisowetsa tulo. Usiku womwewo tinatsegula gulu la pa WhatsApp la ana atatufe, ndipo pasanathe ola tinali titagawana kale ndalama zomwe sitinazigwire.

M'gulumo munalibe anthu awiri amene ankagona m'nyumbayo. Mayi athu otibereka anamwalira kalekale, ndipo bambo anakwatiranso. Mayi otipezawo anakhala ndi bambo zaka zoposa 15, ndi amene ankawatembenuza pa mphasa akudwala, ndipo ali ndi mwana wamwamuna, mng'ono wathu, amene panthawiyo anali Sitandade 7. Palibe anawatchula. Azakhali, mlongo wa bambo, anatilimbikitsa pa foni kuti mayiwo akangosudzulidwa abwerere kwawo, poti kwathu kuno mkazi ndi ana ake ali ndi mudzi wawo. Mawuwo anatikomera chifukwa ankatichotsera manyazi. Mwambo wa chikamwini ulipodi ku Zomba, koma nyumba iyi sinali pamudzi wa wina aliyense. Puloti bambo anachita kugula, ndipo pomanga mayiwo ankatunga madzi a njerwa.

Amene anatiimitsa ndi amfumu. Malowo alibe lizi. Pepala lokhalo ndi kalata yogulitsirana ya kale, yokhala ndi chidindo cha mfumu. Ndiye dobadoba uja anati tipite tikadinditse kalata yatsopano. Amfumu anatimvetsera mpaka tinamaliza, kenaka anandiyang'ana n'kufunsa: "Nanga amayi anu ali m'nyumbamo asaina pati?" Ndinalibe yankho. Dobadobayo anayesa kunena kuti zimenezo ndi za pabanja, koma amfumu anabweza chidindo m'thumba.

Nditabwerera ku Blantyre ndinafotokozera mnzanga wina amene anaphunzira za malamulo, ndikuyembekeza kuti andiuza njira yolambalala amfumuwo. M'malo mwake anandiwerengera lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene pa Chingerezi limatchedwa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967, ndipo ambiri a ife timangolimva maliro atachitika. Munthu akamwalira osasiya wilu, oyamba kuganiziridwa pa chuma chake ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake onse, kuphatikizapo a mimba ina ndi obadwira kunja kwa ukwati, komanso anthu amene ankadalira iyeyo. Lamulolo likufuna kuti otsalawo asagwe m'mavuto, ndipo katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye. Azakhali ndi amalume salowapo chifukwa chongokhala abale. Ndipo ngakhale mwana weniweni sangangodzuka n'kugulitsa nyumba: pamafunika kaye munthu wopatsidwa mphamvu ndi khoti yoyendetsa chumacho, kudzera m'makalata aja amati letters of administration. Kulanda kapena kugulitsa chuma cha masiye popanda chilolezo ndi mlandu womwe ungamutengere munthu kundende mpaka zaka 10.

Ine ndinkaganiza kuti olanda chuma cha masiye ndi anthu ena, aja amabwera ndi lole kudzanyamula sofa ndi firiji mtembo usanatuluke. Sindinaganizepo kuti angakhale ana atatu ophunzira, olemberana mwaulemu pa foni.

Kenaka mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tikanagulitsa mu September muja, aliyense akanatenga gawo lake, ndipo pofika Khirisimasi mitengo ya simenti, malata ndi chilichonse inali itathawa. Nyumba inali pomwepo, osachepa ndi njerwa imodzi. Apa ndi pamene ndinamvetsa bizinesi ya ogula mwachangu aja. Iwo amagula changu chanu. Amadziwa kuti muli ndi ngongole ya maliro, kuti tchuthi chanu kuntchito chikutha, kuti simunafunse aliyense mtengo weniweni wa nyumba m'deralo, ndi kuti pakati panu pali wina amene akuopa kuti akachedwa anzake amudyera. Mtengo amene amatchula amauwerengera pa zimenezi. Ndipo taonani, amakonda kulankhula ndi mwana mmodzi payekha, kawirikawiri wa m'tauni, osati banja lonse litakhala pansi.

Musandimve molakwa. Pali nyumba zoyenera kugulitsa. Ndaonapo nyumba kumudzi zimene ana anakana kugulitsa chifukwa cha chisoni, n'kuzitseka ndi loko. Patapita zaka ziwiri mafelemu a mawindo anapita, mawaya a magetsi anapita, chiswe chinamaliza denga. Ngati m'nyumba mulibe wokhalamo ndipo nonse mwagwirizana, gulitsani. Koma yambani ndi chiphaso cha imfa, pitani ku ofesi ya DC kapena kwa Administrator General mukafunse ndondomeko, pezani makalata a khoti, funsani mtengo kwa anthu angapo odziwa, ndipo ndalama zidutse kubanki pali mboni. Zimatenga miyezi, ndipo maulendo ake ndi otopetsa. Wogula amene akukana kudikira zimenezi ndi woyenera kumukayikira, chifukwa ngakhale iye mwini nyumba yogula popanda mapepala akhoza kudzailuza wina wa ana akadzapita kukhoti.

Ife tinakumana pa Songani mu December, achimwene akumvera pa foni. Chinali chinthu chovuta kuwauza mayi maso ndi maso zimene tinkakonza. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Ndinkadziwa. Munthu uja anabwera kudzayeza puloti ndi mapazi ine ndikuchapa." Kenaka anatulutsa kope la sukulu limene bambo ankalembamo ndalama zonse za nyumbayo, matumba a simenti, malata, amisiri. Pa masamba angapo panali ndalama zochokera ku geni yawo ya matemba ndi tomato.

Tinagwirizana kuti mayi akhale m'nyumbamo ndipo nkhani yogulitsa isadzukenso mpaka mng'ono wathu atamaliza Fomu 4. Kanyumba ka kuseri tinakakonza n'kuikamo walendi, mnyamata wogwira ntchito ku Domasi. Lendiyo si yambiri. Theka limapita ku sukulu ya mwanayo, theka lina tinkabwezera ngongole ya maliro mpaka inatha. Katapila wanga ndinalimbana naye ndekha, ndipo ndinagulitsa laputopu.

Bambo, ndi uphunzitsi wawo wonse, sanalembe wilu. Ankati kulemba wilu n'kudziitanira imfa. Chonsecho lamulo silifuna zambiri: ukhale ndi zaka 18 kapena kuposa, ulembe, usaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine. Ine ndinalemba yanga chaka chatha, ngakhale zomwe ndili nazo ndi kapuloti kopanda kanthu ndi njinga yamoto. Mkazi wanga anandiseka, kenaka anafunsa kuti pepalalo ndalisunga pati.

Nkhani ya pa Songani sinathe. Achimwene amaibweretsabe zinthu zikawavuta ku Joni, ndipo azakhali sanapondepo pakhomopo chichitikireni msonkhano uja. Dobadoba uja anandiimbiranso mwezi wathawu, akuti bwana wake wawonjezera. Ndinamupatsa nambala ya mayi.