Tinangodina manambala osafunsa

Mu 2024 kuno ku Marapodi, monganso ku Mandevu ndi ku Chaisa, aliyense wa mita ya mayunitsi anali ndi ntchito imodzi: kulowetsa matokeni awiri apadera, iliyonse ya manambala 20. Uthenga wa ZESCO unali woti ikadutsa 24 Novembala, mita yosasinthidwa idzakana mayunitsi atsopano. Tinadina. Ena tinadinira ba landilodi, ena tinadinira ambuya athu amene maso anafooka. Koma mwa ife tonse odzitama kuti foni timaidziwa mpaka kumsana kwake, ndi angati anafunsa chifukwa chake?

Chifukwa chake nachi. M'kati mwa mita muli kachipu kokhala ndi pulogalamu yakeyake. Tokeni iliyonse imabisa chiwerengero cha mphindi zimene zapita kuchokera pa 1 Januwale 1993, ndipo mita imayang'ana chiwerengerocho kuti munthu asalowetse tokeni imodzi kawiri. Amene anakonza dongosolo la STS ku South Africa anapatsa chiwerengerocho malo a mabiti 24 okha. Mabiti 24 amasunga mphindi 16,777,216, zaka zosakwana 32. Zikatha, kuwerenga kumabwerera pa ziro, ndipo tokeni yogula lero imaoneka ngati ya 1993, mita n'kuikana. Matokeni awiri aja anasunthira tsiku loyambira ku 2014, ndiye nkhani yomweyi idzabweranso mu 2045.

Taonani: munthu anasankha nambala 24 ambiri a ife tisanabadwe, ndipo patapita zaka zoposa 30 komboni yonse inaimirira pamipando, tochi m'kamwa, ikudina mabatani. Mphamvu ndi imeneyo. Nanga bwanji tikamva za kulemba mapulogalamu timangoganiza za ma app ndi mawebusayiti?

Apa tili ndi mlandu ndi masukulu a kompyuta odzaza m'tauni, amene amatenga ndalama za makolo athu n'kutiphunzitsa kutayipa kalata ndi kukongoletsa tsamba. Satifiketi amapereka, koma chipu sunachigwirepo. Komanso tisadzinamize, mlandu wina ndi wathu. Chaka chomwecho madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankasowa pafupifupi tsiku lonse, ma inverter ndi masola anadzaza m'mashopu. Zambiri mwa izi zili ndi pulogalamu yoteteza batire kuti lisadzaze mopitirira kapena kutheratu. Chikavuta timatani? Timasintha bolodi yonse, ikasowa timataya. Anyamata athu okonza mafoni ali ndi manja abwino, amawotcherera tinthu tochepa ngati njere ya mpiru (ulemu wawo tiwapatse), koma pulogalamu ya m'kati ndi ya eni ake akutali, ife timangoyembekeza katundu wa ku Shenzhen.

Ena amati izi n'za mainjiniya a ku UNZA, ife tilibe zida. Bodza. Kabolodi ka Arduino Uno kali ndi malo a 32 KB osungira pulogalamu ndi 2 KB yogwirira ntchito, kuchepera chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Chinenero chake ndi cha banja la C, chida cholembera n'chaulere, laputopu yakale ikwanira. Kuvuta kwake kuli kwina: malo ndi ochepa, ndiye baiti iliyonse uyenera kuiwerenga monga mayi awerengera ndalama ya ndiwo kumapeto kwa mwezi. Pulogalamu yako iyenera kudzuka yokha malaiti akabwera 02:00, popanda woiyatsa. Ndani angamvetse zimenezi kuposa ife okulira mu lodishedingi?

Ndiye tikufuna izi. Sukulu yotenga ndalama zathu iike mabolodi ndi mamita oyezera magetsi patebulo, tiwotche, tilakwitse, tiyambirenso. Amene tili ndi tuntemba tokonzera mafoni, tisonkherane tigule bolodi limodzi. Ntchito yoyamba tisaifunefune kutali: pampu ya ba neba imasefukiritsa thanki usiku uliwonse chifukwa palibe chomazimitsa madzi akadzaza.