Vinyo wa mafumu? Nafe ku Chongwe tili nayo nkhani

Imwe amene mwezi ukatha mumatsegula botolo la champagne mu club kuti anthu akuoneni, munadzifunsapo kuti ndalama yonse ija mumalipira chani? Mphesa chabe? Iyayi. Mbali yaikulu mumalipira nkhani.

Tamverani iyi. Kumwera kwa France, pafupi ndi tauni ya Pau, kuli vinyo wotchedwa Jurançon. Ati mu 1553, mwana wina atabadwa m'nyumba yachifumu ya ku Pau, agogo ake aamuna, Henri d'Albret, anamupaka adyo pamilomo n'kumudonthezera vinyo ameneyu. Mwanayo ndiye anadzakhala Henri IV, mfumu ya France kuyambira 1589. Kaya zinachitikadi choncho, kaya anakometsera, alimi a kumeneko mpaka lero akali kugulitsa vinyo wawo ndi nkhani ya kadontho kamodzi kaja. Ndipo kuyambira 1936 lamulo linateteza dzinalo: vinyo amene sanalimidwe m'dera lija sangatchedwe Jurançon. Champagne nayenso ni chimodzimodzi. Ni dzina la dera, ndipo mzinda wake wa Reims ndiwo kumene mafumu a France ankavekedwa ufumu mpaka 1825.

Manje onani. Ufumu wa a French unatha kalekale, koma akali kuudyerera. Wathu uli moyo. Kwerani basi pa Great East Road, makilomita ngati 45 chabe kuchoka m'tauni, mwafika ku Chongwe, kwa Amfumu Aakulu Nkomeshya Mukamambo II a Asoli, amene akhala pampando zaka zambiri. Lusaka imene tikhalamo inamangidwa pa dziko la Asoli. Chaka chilichonse cha mu October kumakhala mwambo wa Chakwela Makumbi, kukoka mitambo, pamene amfumu amapempha mvula ndi kubzala mbeu yoyamba kuti anthu ayambe kulima. Chimanga ndi mapira zimene zimatuluka m'minda imeneyo ndizo zimaphikidwa munkoyo ndi mowa wa masiku seven. Nkhani imeneyi ichepera pati pa kadontho ka ku Pau?

Ndipo munkoyo si chakumwa cha masewera. Amai amaphika phala la ufa wa chimanga, likazizirako amaikamo mizu ya munkoyo yosinja. Mizuyo imasungunula phala lija n'kulisandutsa lotsekemera popanda shuga wa m'sitolo. Akasefa, amasiya m'chipanda tsiku limodzi kapena awiri kuti uwawase. Chipanda chakale ndicho chimapatsa kakomedwe, chifukwa tizilombo tabwino towawasitsa timatsalira m'menemo. Akatswiri a ku UNZA ndi a ku Wageningen ku Netherlands anachita kuufufuza. Ife tikaupeza pamsika timaupempherera mtengo, chifukwa uli m'botolo la pulasitiki lakale, lopanda dzina, lopanda kwawo.

Apa ndiye pali vuto. Chakumwa chopanda nkhani chimangotsala chogwetsa munthu. Mukumbuka tujilijili? Tinalibe mudzi, tinalibe agogo, tinalibe mwambo, ndipo tinawononga anyamata m'makomboni mpaka boma linatiletsa mu 2012. Mowa wa kumudzi unali ndi malamulo ake: unkaphikidwa pa chifukwa, pa ukwati, pa maliro, pothokoza olima, ndipo mwana sankaukhudza.

Sindikunena kuti mawa musindikize nkhope ya amfumu pa botolo. Dzina la mfumu si lako, osaliseweretsa popanda chilolezo cha kunyumba yachifumu. Koma iwe mtsikana wa ku Kanakantapa amene ambuya ako adziwika ndi munkoyo wokoma, chikuletsa n'chani kukhala nawo pansi, kulemba kaphikidwe kawo, kugula mabotolo aukhondo, kulembetsa dzina ku PACRA, n'kulembapo kuti wapangidwa ku Chongwe? Ambuya akapita, luso lija lapita nawo.

Nanu ogula, October akafika pitani ku Chakwela Makumbi mukadzionere. Mukapeza amai akugulitsa munkoyo, afunseni kumene mizu yachokera ndi amene anawaphunzitsa. Akakuuzani mtengo, lipirani osanyinyirika, monga mumachitira kwa weita uja wa champagne.